Lipoti la wodwala: ululu wa pachifuwa mwa mayi amene anapulumuka madzi osefukira

Mayi wa zaka 54 anatumizidwa ku kiliniki yathu ya matenda okhalitsa patatha miyezi 5 madzi osefukira atakokolola nyumba yawo usiku. Kalata imene anabwera nayo inali yaifupi: BP yosatsika, mtima ukugunda mothamanga, mwina ndi nkhawa. Patadutsa miyezi ina 4, mtsempha wina wodyetsa mtima wawo unatsekeka. Nkhaniyi ndailemba ndi chilolezo chawo, ndipo zimene zikanawaulula ndazisintha. Ndikuilembera anzanga a m'zipatala chifukwa mayiwa anali ndi nthenda ziwiri zimene zinkadyetsana, ya m'maganizo yotchedwa PTSD (mantha okhalitsa amene amatsalira munthu atakumana ndi zoopsa) ndi ya mtima, ndipo imodzi ikangopatsidwa dzina, inayo inkatsala pang'ono kuiwalika.

Mmene anafikira kwa ife

Ngoziyi isanachitike, mayiwa anali atakhala ndi BP kwa zaka 6. Ankamwa hydrochlorothiazide ndi amlodipine, ndipo mwana wawo wamkazi, amene wakhala akuwadwazika nthawi yonseyi, akuti sankaphonya. Sasuta fodya, samwa mowa. Anasiya kusamba zaka 4 m'mbuyomo. Mlongo wawo anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 55, ndipo pabanjapo palibe amene anauzidwa chimene chinamupha.

Usiku wa ngoziwo madzi analowa m'nyumba anthu ali m'tulo. Mayiwa ananyamula mdzukulu wawo wa zaka 3 n'kutuluka naye, madzi akuwalekeza m'chifuwa. Asanafike pamtunda madzi anawagwetsa, mwana uja n'kuwapulumuka m'manja. Iwo anakakamira mtengo mpaka kunja kunacha. Mtembo wa mwanayo unapezeka patapita masiku.

Mapiritsi anapita ndi madzi, buku lawo la kuchipatala chimodzimodzi. Ku msasa anakhalako miyezi 3. Achipatala ankabwera ndithu, ankathandiza a chifuwa, otsegula m'mimba ndi a mabala, koma funso loti "mumamwa mankhwala anji tsiku ndi tsiku" silinafunsidwe, ndipo iwonso sanayambitse. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Adokotala, anthu maliro ali pakhomo, ine ndizikafunsa za mapiritsi a BP?" Bungwe la WHO lili ndi katundu wa mankhwala a matenda okhalitsa wokonzedwera nthawi ya ngozi, wokwanira dera la anthu 10,000 kwa miyezi 3. Koma mankhwala achuluke bwanji, munthu amene akudziona kuti sayenera kuthandizidwa sabwera yekha kudzawatenga. Amafunika kumufunsa.

Atachoka ku msasa anapita ku chipatala china akudandaula kusowa tulo. Kumeneko anawayambitsanso mankhwala a BP, n'kuwawonjezera amitriptyline ndi diazepam kuti azigona.

Tsiku loyamba kwa ife BP inali 168/102, mtima ukugunda ka 98 pa mphindi mosadumphadumpha. M'mapapo munali bwino, mapazi osatupa. ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, inangoonetsa kuti mnofu wa kumanzere kwa mtima wayamba kukhuthala, zimene timayembekezera kwa munthu amene BP yakhala yokwera kwa nthawi. Magazi anali okwanira, impso ndi chithokomiro zili bwino. Shuga wa m'mawa asanadye anali 6.3, kolesitolo 6.1.

Chimene chinatsegula nkhani sichinachokere ku labotale. Mayiwa anali ndi kachipangizo koyezera mpweya ndi kugunda kwa mtima pachala pamene namwino anatsegula mpopi kuti asambe m'manja. Madzi atangoyamba kugwera m'sinki, nambala ya kugunda kwa mtima inachoka pa 96 n'kufika pa 124. Mayiwa anagwira mpando ndi manja onse awiri, maso ali kuchitseko. Namwino anatseka mpopi uja n'kuwafunsa motsitsa mawu, "Amayi, phokoso la madzili likukukumbutsani chiyani?"

Anafotokoza kuti amagona maola atatu okha, ndipo pafupifupi usiku uliwonse amalota akusakasaka mwana m'madzi. Amagona atavala, nsapato zili pambali. Pakati pa usiku amatuluka kukayang'ana kumwamba ngati kuli mitambo. Mlatho sawoloka, amazungulira. Akaona mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo amatembenuka. Pa mafunso 5 oyambira a PC-PTSD-5 anavomera onse, ndipo pa PCL-5, imene imayeza kukula kwa zizindikiro za PTSD n'kulekera pa 80, anapeza 56. Timayamba kuganizira za PTSD munthu akafika cha m'ma 31 mpaka 33. Pa PHQ-9, mafunso oyezera matenda a kukhumudwa, anapeza 13. Ndinawafunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Anati ayi, koma anawonjezera kuti, "Zikanakhala bwino akanatsala mwana, n'kupita ineyo."

Chifukwa chake mtima wawo unandidetsa nkhawa

Kuti ngozi zazikulu zimapha anthu kudzera mu mtima si nkhani yachilendo. Pa 17 January 1994, tsiku la chivomezi cha Northridge ku Los Angeles, anthu 24 anafa mwadzidzidzi ndi mtima, pamene sabata ya m'mbuyo mwake ankafa pafupifupi 5 patsiku. Ochepa chabe ndi amene anali akuchita zolemetsa thupi. Chitachitika chivomezi cha ku Niigata ku Japan mu 2004, madokotala anaona kuchuluka kwa takotsubo, nthenda imene mnofu wa mtima umafooka mwadzidzidzi munthu atadzidzimuka kwambiri, makamaka mwa amayi amene anasiya kusamba. Pambuyo pa chivomezi ndi tsunami za pa 11 March 2011, mabuku a maambulansi a ku Miyagi ku Japan anaonetsa kukwera kwa sitiroko, kutsekeka kwa mitsempha ya mtima ndi kufooka kwa mtima, ndipo kufooka kwa mtimako kunakhalabe kokwera kupitirira masabata 6.

Mayi athuwa anali atadutsa nthawi yoopsa yoyambirirayo. Chimene chinkawakhudza ndi ngozi yachiwiri, yobwera mwakachetechete makamera atachoka. Ku chipatala cha Tulane ku New Orleans, gawo la odwala ogonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima linakwera pafupifupi katatu pambuyo pa namondwe wa Katrina wa mu 2005, ndipo silinatsike kwa zaka zambiri. Pakati pa anthu oposa 71,000 amene akhala akutsatiridwa chigwere nyumba za World Trade Center mu 2001, amene anali ndi PTSD ndi amenenso ankapezeka kwambiri ndi matenda a mtima. Wina angati mwina anthu oterewa anabadwa kale ndi mtima wofooka. Viola Vaccarino ndi anzake anayankha zimenezo mu 2013 potsatira mapasa 562 amene anali asilikali m'nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam: mwa amene anali ndi PTSD, 22.6 peresenti anadwala mitsempha ya mtima, poyerekeza ndi 8.9 peresenti mwa amene analibe, ndipo kusiyana kunaonekabe poyerekeza munthu ndi mphasa mnzake. Kwa amayi, kafukufuku wa mu 2015 wa anamwino pafupifupi 50,000 ku America anapeza kuti amene anali ndi zizindikiro 4 kapena kuposa za PTSD chiopsezo chawo chinali chokwera ndi 60 peresenti, ndipo pafupifupi theka la kukwerako linkadutsira m'zinthu zimene timazidziwa kale, monga fodya, kunenepa, BP ndi shuga.

Theka linalo akuganiza kuti limadutsira m'thupi mwachindunji. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamakhala ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha. Adrenaline ndi noradrenaline zimangotuluka, mtima sumapuma mokwanira, mitsempha imakhala yokungika. Mwa munthu wabwinobwino BP imatsika ndi 10 mpaka 20 peresenti usiku, koma mwa munthu amene akudzidzimuka ndi maloto kutsikako kumasowa. Magazi sachedwa kuundana, ndipo khungu la m'kati mwa mitsempha limatupa. Mu 2017 Ahmed Tawakol ndi anzake anaonetsa ndi zithunzi za PET kuti anthu amene amygdala yawo inali yotakataka kwambiri analinso ndi kutupa kochuluka m'mitsempha, ndipo ndi amene anadzadwala mtima m'zaka zotsatira. Nambala ija ya 124 imene tinaiona pachala cha mayiwa inali kachidutswa chabe ka zimene mtima wawo unkakumana nazo usiku ndi usiku.

Zimene tinasankha poyamba

Amitriptyline tinaisiya. Imathamangitsa mtima, imatha kusokoneza kagundidwe kake, ndipo kwa munthu amene wanena kuti zikanakhala bwino akanafa, botolo lodzaza la mankhwala amenewa siliyenera kukhala m'nyumba. Diazepam tinaichepetsa pang'onopang'ono mpaka kuisiya. Malangizo a WHO a mu 2013 amaletsa kupereka mankhwala a gulu limeneli kwa munthu amene wangokumana ndi zoopsa, chifukwa sachiritsa ndipo thupi limawazolowera. Amlodipine tinaikweza, n'kuwonjezera enalapril. Tinawauza za sertraline, mankhwala a kukhumudwa ndi nkhawa, koma anakana: "Ine si wamisala." Sitinawakakamize. Phungu wodziwa chithandizo cha PTSD anali ndi mzere wautali, choncho poyembekezera, namwino uja anayamba kukumana nawo kuwaphunzitsa kupuma modekha ndi kukonza kagonedwe.

Statin, mankhwala otsitsa kolesitolo, sitinayambitse. Tchati cha WHO choyezera chiopsezo cha mtima chinawaika pansi pa malire oyambitsira mankhwalawa. Tchaticho chimafunsa zaka, fodya, BP, shuga ndi kolesitolo. Mulibe malo olembapo mlongo amene anagwa n'kufa, mulibenso malo olembapo miyezi 5 yosagona. Maganizo anga ndi akuti wodwala wa PTSD amene ali pafupi ndi malire tizimuwerenga ngati wawoloka kale.

Ululu wachiwiri

M'miyezi yotsatira BP inatsikako kufika cha m'ma 150/92. Koma m'buku lawo latsopano munali mutalembedwa PTSD, ndipo malembo anayiwo anayamba kuwayankhira mafunso onse. Anapita kuzipatala zina akumva kuwawa pachifuwa. Kwina anawauza kuti ndi chilungulira, kwina kuti ndi maganizo, akapume. Palibe kumene anawajambula ECG.

Amene anaona kusintha ndi mwana wawo uja. Pa tsiku lobwera kudzaonedwanso anandiuza kuti, "Amayi akumaima panjira. Tikamakwera chitunda amaima, n'kugwira chibwano, akuti akudikira mpweya." Ndinawapempha mayiwa kuti andifotokozere ululu wawo ngati sanandiuzepo n'kale lonse.

"Zilipo ziwiri, adokotala," anatero. "Cha usiku chija chimandigwira pakhosi, mtima n'kumathamanga, manja n'kuchita dzanzi. Chatsopanochi chimandipanikiza apa." Anakunga chibakera n'kuchiika pakati pa chifuwa. "Chimakwera mpaka m'chibwano. Ndikaima chimasiya."

Wodwala anali atasiyanitsa yekha nthenda zake. Ululu wa mantha umabwera ndi chokumbutsa, ndi maloto, ndi phokoso, nthawi zina popanda chifukwa chooneka, ndipo kuyenda kumatha kuuchepetsa. Ululu wa mitsempha ya mtima umabwera mtima ukafuna magazi ambiri, ndipo umatha m'mphindi zochepa munthu akaima. Munthu mmodzi akhoza kukhala nawo wonse uwiri, ndipo wodwala PTSD ndi amene ali ndi mpata waukulu wokhala nawo wonse. Funso loti "ululu wake ndi womwe uja kapena ndi wina" limatenga mphindi imodzi, koma silifunsidwa ngati wofunsayo wakhutira kale ndi dzina la m'buku.

ECG ya tsikulo, ali chikhalire, sinaonetse chatsopano. Zimenezo sizichotsa angina, ululu wa mitsempha ya mtima uja, ndipo angina yongoyamba kumene ndiyofunika kuiopa. Tinayambitsa aspirin, atorvastatin (statin) ndi bisoprolol (beta blocker, yochepetsa kuthamanga kwa mtima), tinawapatsa GTN yoika kunsi kwa lilime ululu ukabwera, n'kuwalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu.

Tsiku lawo lisanakwane, mvula yoyamba ya nyengo yotsatira inagwa usiku wonse. Mayiwa sanagone. Cha m'bandakucha ululu wopanikiza uja unabwera ali chikhalire, ndipo sunasiye kwa mphindi zoposa 40. Anafika ali thukuta kamukamu, akuchita nseru. ECG inaonetsa chizindikiro choti mnofu wa mtima ukusowa magazi (ST yotsika kuyambira V4 mpaka V6), troponin, imene imakwera m'magazi mnofu wa mtima ukawonongeka, inali yokwera, ndipo itayezedwanso inali itakwereratu.

Tinaganizira zinthu zitatu. Kuundana kwa magazi m'mapapo sikunagwirizane ndi zimene tinapeza: mpweya m'magazi unali wabwino, miyendo yosatupa, mbali ya kumanja ya mtima yosakula. Takotsubo inali yoyenera kuiganizira kwambiri, poti mayiwa ndi a msinkhu wake ndipo usikuwo unali wa mantha. Koma echo, sikani ya mtima, inaonetsa kufooka kwa khoma limodzi la m'munsi ndi m'mbali, dera lodyetsedwa ndi mtsempha umodzi, mphamvu yopopa ili 42 peresenti. Mu takotsubo kufookako kumadutsa malire a mtsempha umodzi, ndipo nthawi zambiri kumabwerera m'malo pakapita masabata. Echo ya patatha miyezi 3 inapeza khoma lomwelo likadali lofooka, ndiye nkhani inatha: unali mtsempha. Mwayi wojambula mitsemphayo panthawiyo panalibe, choncho tinawathandiza ndi mankhwala: clopidogrel pamwamba pa aspirin ndi enoxaparin oletsa magazi kuundana, atorvastatin 80 mg, bisoprolol ndi enalapril.

Usiku wachiwiri m'wodi anazula diripi n'kufuna kutuluka. A usiku anapempha kuti tiwabaye diazepam. Titapita kukaona, tinapeza kuti wodwala wa bedi loyandikana nalo anali pa okosijeni, ndipo kabotolo ka madzi konyowetsera mpweyawo kankabwata usiku wonse, pafupi ndi khutu la mayiwa. Kuwonjezera apo, akagona chagada ankabanika, ndipo kubanikako kunkawabwezera m'madzi muja. Tinawasamutsira ku bedi lina, tinakweza kumutu kwa bedi, tinasiya nyale yoyaka, n'kulola mwana wawo kugona pambali pawo. Jakisoni sanafunikenso.

Mabotolo odzaza

Patatha masabata 6 atatuluka, anabwera BP ili 172/100, mtima ukugunda ka 104. Munthu womwa bisoprolol sagunda choncho. Ndinapempha kuona mabotolo, ndipo mwana wawo atawatulutsa m'chikwama, ambiri anali osakhudzidwa. Mwanayo anadabwa kuposa ine, poti mayi ake ankamuuza kuti amwa.

Pamenepa n'zosavuta kuyamba kukalipa, kapena kubwereza phunziro la ubwino wa mankhwala. Mayiwa ubwino wake ankaudziwa. Sankaiwalanso. Nditawafunsa chimene chimachitika akatenga botolo m'manja, anati, "Ndikangowaona mapiritsiwo ndimakumbukira kuti mtimawu ukhoza kuima nthawi iliyonse. Ndiye ndimangowabisa." Atakhala chete kwa kanthawi anawonjezera, "Komanso ndizidzisamalira chiyani ine?"

PCL-5 inali itakwera kufika pa 61. Donald Edmondson ndi anzake, ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2012, anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa 8 alionse amene mtsempha wa mtima unawatsekekapo amakhala ndi zizindikiro za PTSD zochokera ku kudwalako, ndipo oterewa chiopsezo chawo chodwalanso kapena kufa chimawirikiza kawiri. Mayi athuwa zoopsa zinawapeza kawiri, ndipo zachiwirizi zinali zovuta mwa njira yake. Mtsinje munthu akhoza kuuzungulira. Mtima ali nawo m'chifuwa usana ndi usiku, ndipo kugunda kwake kulikonse kwamphamvu kunkawauza kuti imfa yafika. N'chifukwa chake anasiyanso kuyenda. Ankangokhala, poopa kuti mtima ungathamange. Kupewa, kumene ndi chizindikiro chachikulu cha PTSD, kunali kutafika pa zinthu ziwiri zimene zikanateteza mtima wawo.

Apa m'pamene tinasintha kachitidwe konse. Tinagwirizana ndi phungu kuti mayiwa aziwaona tsiku limodzi ndi ife, m'chipinda choyandikana, ndipo buku likhale limodzi. Mankhwala onse otheka tinawaika pa nthawi imodzi, m'mawa, mwana wawo ali pompo, kuti asamakumane ndi mabotolo katatu patsiku. Sertraline tinaitchulanso, koma ulendo uno ndinawafotokozera kuti mantha awo akupweteka mtima womwe tikuuchizawo, ndipo anavomera. Tinayamba ndi 25 mg, kenako 50, kenako 100.

Chifukwa chosankhira sertraline ndi choyenera kuchifotokoza. Kafukufuku wa SADHART wa mu 2002 anaonetsa kuti siwononga mtima wa munthu amene wangodwala kumene mitsempha, ndipo ndi imodzi mwa mankhwala ovomerezeka pa PTSD. Fluoxetine imatha kufooketsa mphamvu ya clopidogrel. Paroxetine imakweza mlingo wa ma beta blocker ena, monga metoprolol, m'magazi. Citalopram imatalikitsa QT pa ECG, zimene zingasokoneze kagundidwe ka mtima, ndipo venlafaxine imakweza BP. Sertraline nayo ili ndi zake: ikaphatikizana ndi aspirin ndi clopidogrel, mpata wotaya magazi m'mimba umakula, choncho tinawonjezera pantoprazole yoteteza m'mimba, osati omeprazole imene imalimbana ndi clopidogrel. Hydrochlorothiazide tinaichotsa, chifukwa iyo ndi sertraline zikakumana mwa mayi wa msinkhu uwu zimatha kutsitsa sodium m'magazi. Prazosin ya maloto oopsa sitinaigwiritse ntchito. Mayiwa anali kale pa mankhwala atatu otsitsa BP, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2018 sanapeze kuti imaposa piritsi lopanda mankhwala.

Phungu anali ndi mantha ake, ndipo anali omveka. Chithandizo chenicheni cha PTSD nthawi zambiri chimafuna kuti munthu abwerere ku usiku uja n'kuufotokoza mwatsatanetsatane, mobwerezabwereza. Anandifunsa kuti, "Nanga mtima ukawagwira ali m'chipinda mwanga?" Yankho langa linali lakuti mayiwa akubwerera kale ku usiku umenewo tsiku lililonse, ali okha, mumdima, popanda wowayeza. Kuwasiya choncho sikunali kuwateteza. Tinadikira mpaka atamwa mankhwala mosadumphitsa kwa masabata angapo, ululu wa ali chikhalire kulibe, BP itatsika. Magawo oyambirira anachitika kachipangizo kali pachala, GTN ili patebulo. Mtima unkakwera kufika cha m'ma 110 akamafotokoza, n'kutsika wokha. Ululu wopanikiza sunabwere ngakhale kamodzi.

Kuyenda tinakuyamba m'khonde la chipatala, namwino ali pambali. Mayiwa ankayang'ana nambala ikukwera kufika pa 112, n'kuima, n'kuiona ikutsika. Ankafunika kuona ndi maso awo kuti mtima umathamanga n'kubwerera, munthu osafa. Tinawalemberanso pepala lalifupi: ululu wopanikiza ukabwera, akhale pansi, aike GTN, ndipo ukapanda kusiya m'mphindi zochepa abwere msanga, usana kapena usiku. Ndinawauza pamaso pa mwana wawo kuti akabwera n'kupezeka kuti ndi mantha chabe, palibe amene adzawadzudzule. Wodwala amene anauzidwapo kuti "ndi maganizo basi" amaphunzira kukhala kunyumba, ndipo tsiku lina amadzakhala kunyumba ndi ululu wolakwika.

Pamene chithandizo cha phungu chinakakamira ndi pa mawu amodzi: "Ndinamusiya." Mayiwa ankakhulupirira kuti manja awo ndi amene anatseguka. Phungu sanawatsutse. Anawafunsa mmene madziwo ankathamangira, pamene ankawalekeza, zimene ankakokolola. Anafotokoza kuti anaona denga la nyumba likudutsa. Madzi othamanga ongofika masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo awa anali a m'chifuwa, usiku, munthu atanyamula mwana. Zinatenga magawo angapo kuti anene okha kuti, "Madzi anandilanda." Kuyambira sabata imeneyo mwana wawo anaona kuti sakuchitanso kuwakumbutsa za mapiritsi.

Sindinganene kuti uphungu ndi umene unateteza mtsempha wawo. Umboni umene ulipo ukuonetsa kuti PTSD ndi matenda a mtima zimayendera limodzi, ndiponso kuti chithandizo chimachepetsa PTSD. Kafukufuku wamkulu wosonyeza kuti kuchiza PTSD kumachepetsa kutsekeka kwa mitsempha sanachitike, choncho uphungu sulowa m'malo mwa statin kapena aspirin. Chimene ndinaona mwa mayiwa n'chakuti popanda uphungu, statin ndi aspirin zinkakhala m'botolo.

Mmene alili

Anamaliza magawo 12 a uphungu. PCL-5 inatsika kufika pa 27, PHQ-9 pa 6. Amagona maola 5 kapena 6, maloto aja amabwera mwa apo ndi apo. BP yakhazikika cha m'ma 134/82, mtima ukugunda ka 68, ndipo shuga sanapitirire pamene anali. Mphamvu yopopa ya mtima ili pa 45 peresenti, khoma lija silinabwerere. Clopidogrel tinaisiya atakwanitsa miyezi 12, aspirin akupitiriza. Sertraline tinagwirizana kuti tisaichotse mpaka nyengo ina ya mvula itadutsa.

Anabwerapo kamodzi usiku kukugwa mvula yamphamvu, akumva kuthina pachifuwa. Anajambulidwa ECG nthawi yomweyo, troponin inayezedwa kawiri motalikirana maola, zonse zinali bwino, ndipo m'mawa anabwerera kwawo atakumana ndi phungu. Patsamba loyamba la buku lawo tinalembapo nthenda zonse ziwiri pamzere umodzi, ndi chenjezo lakuti ululu uliwonse wa pachifuwa ujambulidwe ECG asanauzidwe kuti ndi nkhawa.

Angina imawagwirabe akakwera chitunda chachitali mofulumira, ndipo tawonjezera isosorbide mononitrate. Akudikira tsiku lokajambulitsa mitsempha ku chipatala chachikulu, ndipo tiwaonanso pakatha miyezi 3.